Mfumu Hezekiya ndi Umboni wa Miyala

Pa mafumu onse a Yuda, ndi owerengeka okha amene anasiya zizindikiro zooneka monga Hezekiya mwana wa Ahazi. Mbiri yace iri m'Buku Lopatulika (2 Mafumu 18 kufikira 20), koma miyala ndi dongo zimcitiranso umboni, ndipo mwa mbonizo mmodzi ndiye mdani wace weniweni.

M'caka ca 701 Kristu asanabadwe, Sanakeribu mfumu ya Asuri anadza ndi nkhondo ku Yuda. Hezekiya anadziwa kuti mudzi wozingidwa ugonja msanga ndi ludzu koposa ndi mikondo. Kasupe wa Gihoni, amene anamwetsa Yerusalemu, anali m'cigwa kum'mawa kwa mudzi. Cifukwa cace mfumu inaboola thanthwe pansi pa mudziwo, nipititsa madzi ku thamanda la Siloamu (2 Mbiri 32:30). Ngalandeyo ikalipo lero lomwe, ndipo madzi ayendabe m'menemo. Utali wace ndiwo mamita 533, nikhotakhota ngati njoka.

M'caka ca 1880 mnyamata wina analowa m'ngalandemo, napeza malemba a Cihebri ozokotedwa pakhoma. Asimba kuti osema miyala anayamba mbali zonse ziwiri, ena ku kasupe, ena ku thamanda. Ndipo itatsala mikono itatu, anamvana mau kupyola thanthwe, nasemabe kufikira anakomana. Iye amene anakumbapo citsime pamalo a miyala adzazindikira kukula kwace kwa nchito yotere, yocitidwa mumdima, popanda makina. Codabwitsa ncakuti dzina la mfumu palibe pa malembawo. Anenedwapo ndi anchito okha. Mwalawo usungidwa ku Istanbul. Dzinalo linaoneka pa cinthu cina cacing'ono: m'caka ca 2015 ofukula zakale ku Yerusalemu analengeza kuti anapeza kadongo kodindidwa ndi cosindikizira ca Hezekiya, ndipo pomwepo pali dzina lace, la atate wace, ndi ufumu wace wa Yuda.

Nanga mdani uja anenanji? Ku Nineve, m'caka ca 1830, kunapezeka cipilala cadongo ca mbali 6, cimene Sanakeribu analembetsapo nkhondo zace. Adzitama kuti analanda midzi yamalinga 46 ya Hezekiya, namtsekera m'Yerusalemu monga mbalame m'khola. Awerenganso msonkho umene analandira: matalente a golidi 30, monga momwe 2 Mafumu 18:14 anenera. Pa siliva sagwirizana. Buku Lopatulika lichula 300, iye achula 800. Kusiyana kumeneku sikuyenera kubisika kwa akristu, pakuti mboni ziwiri zonena zofanana m'mau onse zikayikitsa bwalo koposa zosiyana pang'ono.

Dongolo silinena kanthu za mthenga wa Yehova amene anakantha misasa ya Asuri usiku (2 Mafumu 19:35), ndipo munthu asalikakamize kunena cimene silinanene; mafumu a Asuri sanazolowere kulemba za kugonja kwao. Koma pali cinanso cimene Sanakeribu sanalembe. Pa mau ace onse odzitama palibe ponena kuti analowa m'Yerusalemu, kapena kuti anacotsa Hezekiya pa mpando. Atabwerera kwao anakongoletsa cipinda ca m'nyumba yace yacifumu ndi zithunzi zosema za nkhondo ya ku Yuda, zimene ziri tsopano ku British Museum, mu London. Mudzi umene uoneka ulinkugwa pa zithunzizo ndiwo Lakisi.