Banja Likatha, Ana Apita Kuti?

Werengani 1 Mafumu 3:16-28.

Amayi anzanga, kuno ku Chipata mwambo suli umodzi. Kwa Achewa ana ndi a kuchikazi. Kwa Angoni, malobolo akaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Koma lamulo la ana la 2022 likuti khoti liyambe layang'ana ubwino wa mwanayo, limvenso maganizo ake.

Solomo anadziwa mayi weniweni poona kuti walolera kugonja pamlandu kuti mwana asafe. Nanga lero? Khoti likalola bambo kudzaona ana Loweruka, amayi ena amawatumiza kumunda mwadala. Kumeneko n'kunyoza khoti, ndipo wolira ndi mwana. Ngati bamboyo amazunza ana, musangowabisa. Kanenani ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo pemphani khoti lisinthe chigamulo.