Timu ya Maina Ambiri

Ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, kuli bwalo la maseŵero lotchedwa Kamuzu Stadium. Tsiku limene timu ya Bullets ikuseŵera, anthu amachokera ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa atavala zofiira ndi zoyera. Mutaŵafunsa dzina la timu yawo mungadabwe, pakuti agogo angatchule lina, mdzukulu wawo lina. Onsewo akunena zoona.

Timuyi inayamba m'chaka cha 1967 pamene oseŵera ena anapatuka kutimu ya Wanderers. Koma kuyendetsa timu kumalira ndalama zambiri. Pamafunika mipira, nsapato, yunifolomu ndi ndalama zoyendera. Kampani yopanga nsapato ya Bata itayamba kuthandiza, timuyi inatchedwa Bata Bullets. Kampani sipereka ndalama zake chabe ayi. Imafuna kuti dzina lake lilembedwe pamalaya a oseŵera ndi kumveka pawailesi, kuti anthu azigula katundu wake. Kinnah Phiri, katswiri womwetsa zigoli, anatchuka m'zaka za m'ma 1970 akuseŵera m'timu ya Bata Bullets.

Pambuyo pake kunabwera kampani yogulitsa mafuta a galimoto, dzina nkukhala Total Big Bullets. M'chaka cha 2003 Bakili Muluzi, amene anali mtsogoleri wa dziko la Malaŵi, anayamba kuthandiza timuyi ndipo inatchedwa Bakili Bullets. Dzinali silinakhalitse, koma anthu saliiŵala. M'chaka cha 2004 timuyi inagonjetsa Orlando Pirates ya ku South Africa nifika m'ndime ya magulu pampikisano waukulu wa matimu a mu Africa. Mphunzitsi wake anali Kinnah Phiri yemwe uja.

Thandizo la Muluzi litatha, timu inatsala ndi dzina loti Big Bullets ndipo inavutika kusoŵa ndalama. Kenaka kampani ya Nyasa Manufacturing inaitenga, nkukhala Nyasa Big Bullets. M'chaka cha 2023 banki ya First Capital inaonjezera zilembo za FCB kutsogolo kwa dzinalo.

Pa maina onseŵa, mawu oti Bullets, amene tanthauzo lake ndi zipolopolo, sanachotsedwepo. Ochemerera nawo ali ndi dzina lawolawo limene silichokera kukampani iliyonse. Iwo amangoti Maule.

Mafunso
1. Kodi timu ya Bullets inayamba bwanji?
2. Nchifukwa ninji kampani imafuna dzina lake pamalaya a oseŵera?
3. Tchulani maina anayi a timuyi motsatana.
4. Jambulani chizindikiro cha timu ya pasukulu panu, ndipo mufotokoze tanthauzo la mitundu imene mwasankha.