Mpanda Wamoyo Ucinjiriza Dimba ndi Bwalo la Nyumba

Caka ndi caka, anthu akatha kukolola, mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zimasulidwa kuti zikadzidyere zokha. Imeneyi ndiyo nyengo imene ndiwo za kudimba zikhala pangozi. Mbuzi ziwiri zikapeza mpata m'mawa, pofika madzulo repu ndi matimati zatha, ndipo cotsatira cace ndi mlandu pabwalo la amfumu. Mpanda wa udzu ndi mitengo youma uthandiza kanthawi kocepa cabe, pakuti ciswe ciudya kunsi, mphepo iugwetsa, ndipo moto wa lupsa ukafika patsala phulusa lokha. Caka cinzace banja liyambanso kumweta udzu ndi kudula mitengo, pamene thengo lomwe lirikunka patali.

Mankhwala a bvuto limeneli ndiwo mpanda wamoyo, ndiko kuti mitengo yobzalidwa pamzere mothithikana, imene mwini wace aidulira ndi kuiluka kufikira isanduka khoma. Mpanda wotere ukula ndi kulimba pamene wa udzu ulikuola.

Mitengo yoyenera

Nkhadze ndi yodziwika kale m'midzi. Imera ndi nthambi, ipirira cilala, ndipo ikula mothithikana kotero kuti munthu wapanjira saona za m'kati. Koma mkaka wace ndi woopsa m'maso. Wodulira nkhadze asambe m'manja ndi sopo, ndipo mkaka ukalowa m'diso atsuke ndi madzi ambiri ndi kupita kucipatala msanga.

Khonje, amene kwao ndi ku Mexico, atsekereza ngakhale ng'ombe cifukwa ca minga yace, ndiponso apatsa banja zingwe. Ayenera dimba ndi khola, osati bwalo losewererapo ana.

Gliricidia ndi mtengo wocokera ku Central America. Akatswiri a pa Msekera, malo a boma ofufuzira za ulimi pafupi ndi Chipata, anayamba kuyesa mitengo yobwezera nthaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mtengo uwu ndi umodzi wa imene yafala m'Cigawo ca Kum'mawa. Umera ndi mbeu kapena ndi cikhomo caciwisi, uphukanso ukadulidwa, masamba ace anonetsa nthaka, ndipo nthambi zace zikhala nkhuni.

Malubeni nawonso amera ndi nthambi, ndipo ana adyako zipatso.

Pali comera cimodzi cimene mlimi asalole pakhomo pace, ndico lantana. Maluwa ace ndi okongola, koma mbalame zimwaza njere zace paliponse, citsekereza msipu, ndipo masamba ace adwalitsa ng'ombe, mwina kuzipha kumene.

Kabzalidwe

Asanakumbe dzenje ndi limodzi lomwe, mlimi ayende m'malire pamodzi ndi mnansi wace, ndipo amfumu adziwe. Mtengo ukhala zaka zambiri, ndipo wobzalidwa pamalo a mwini udzautsa ndeu pakati pa ana ndi adzukulu.

Nthambi za nkhadze zidulidwe zotalika ngati mkono, zigone pamthunzi masiku angapo kuti bala liume, ndipo zibzalidwe mvula iri pafupi, mu Okutobala kapena Novembala. Zikabzalidwa m'matope zibvunda. Zikhale m'mizere iwiri, motalikirana masentimita 30, ndipo nthambi ya mzere waciwiri iyang'anizane ndi mpata wa mzere woyamba.

Zikhomo za Gliricidia zikhale zokhwima, zotalika mita imodzi ndi theka. Zilowe m'nthaka masentimita 30, motalikirana theka la mita, mvula itayamba. Mlimi akumbe dzenje, asakhomere ndi mwala, cifukwa khungwa likasupuka mizu situluka bwino.

Mbuzi zikonda nsonga zanthete. Cifukwa cace mpanda wakale wa udzu kapena wa minga usacotsedwe kufikira watsopano utakhwima, ndiko kuti zaka ziwiri kapena zitatu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kudulira ndi kuluka

Ambiri alakwa posiya mpanda kuti ungokula wokha. Mtengo wosadulira uthamangira kumwamba, kunsi kutsala mipata yopita nkhuku ndi ana a mbuzi. Mphukira zikatalika, mlimi adule nsonga kuti mtengo uturutse nthambi za m'mbali. Nthambi zofewa za Gliricidia ndi malubeni aziweramitse copingasa, aziluke ndi za mtengo woyandikana nao monga aluka nkhokwe, nazimange ndi luzi. Luzi liposa waya cifukwa liola lokha lisanadye khungwa.

Mpanda udulidwe wotambalala kunsi ndi wocepa kumwamba, kuti dzuwa lifike pa nthambi zapansi. Ukatambalala kumwamba, zapansi ziuma ndi mthunzi. Kudulira kawiri pacaka kukwanira, mvula ikamayamba ndi pamene yatha. Masamba a Gliricidia akwiriridwe m'mabedi a ndiwo. Zodulidwa za nkhadze zitayidwe kutali ndi ana ndi madzi akumwa.

Kukonza bwalo

Msinkhu wa mpanda utsate nchito yace. Pozinga bafa ndi cimbudzi upitirire mutu wa munthu wamkulu, kuti amai ndi alendo asambe mosacita manyazi. Kutsogolo kwa nyumba ulekeze m'ciuno, kuti mwini nyumba aone amene alikudza.

Kudimba mlimi akumbukire kuti m'miyezi yozizira, Juni ndi Julai, dzuwa lipendekera kumpoto, ndipo mphepo ya mwera icokera kum'mwera cakum'mawa. Cotero mitengo yaitali ikhale mbali ya kum'mwera kuti iphe mphepo, koma mpanda wa kumpoto ukhale waufupi kuti usaphimbe ndiwo. Pakati pa mpanda ndi bedi loyamba pasiyidwe kanjira ka mita imodzi, ndipo mizu yolowa m'mabedi idulidwe ndi khasu. Mango ndi mitengo yina yaikulu ibzalidwe patali ndi khoma la nyumba ndi citsime.

Banja limene silingathe kuzinga malo onse caka cimodzi liyambe ndi mbali imene ziweto zilowerako, ndi kuonjeza mbali yina mvula iriyonse. Wofuna mbeu kapena malangizo ena aonane ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lace mvula isanagwe.