Zimene Sizili M'nthaka Sizifika M'mbale

Abwenzi, phunziroli tiliwerenge mosinthana, munthu mmodzi ndime imodzi, ndipo tikafika pa funso tiime kaye tikambirane. Mawu ena ndi achilendo pakamwa. Wina akapunthwa powerenga timuthandize, kenako tipitirize.

Kanthu kotsiriza

Tikatenga khala limodzi pa mbaula n'kuliphwanya, timapeza timakala. Tikasinja timakalato mumtondo, timapeza fumbi lakuda. Tikanakhala ndi chida chogawira fumbilo mopitirira, kagawo kalikonse kakanakhalabe khala, mpaka titafika pa kanthu kotsiriza kamene tikakaswa sikakhalanso khala ayi. Kanthu kameneko ndi atomu. Maatomu ndi aang'ono moti oposa 1,000,000 atandandalikidwa pamzere angangokwana m'kadontho kamene kali kumapeto kwa chiganizo chino.

Atomu ilinso ndi za m'kati mwake. Pakati pake pali phata, ndipo m'phatamo muli tinthu tamitundu iwiri: mapulotoni ndi manyutuloni. Kunja kwa phata kumazungulira tinthu tina topepuka kwambiri totchedwa maelekitironi. Pulotoni ili ndi mphamvu ya magetsi ya + monga chizindikiro chimene timaona pa batire, elekitironi ili ndi ya −, pamene nyutuloni ilibe mphamvu ya magetsi. Popeza + ndi − zimakokana, maelekitironi sathawa. Zimenezi anthu azidziwa posachedwapa: J. J. Thomson anatulukira elekitironi mu 1897, Ernest Rutherford anasonyeza kuti atomu ili ndi phata mu 1911, ndipo James Chadwick anapeza nyutuloni mu 1932, agogo a ena a ife atabadwa kale.

Phatalo ndi laling'ono modabwitsa. Atomu itakula kufika pa bwalo la Mzuzu Stadium, phata lake lingakhale ngati njere imodzi ya mawere pakati pa bwalolo. Komabe pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kanjereko.

Chimene tiyenera kuchigwiritsa m'phunziro lonseli ndi ichi: chiwerengero cha mapulotoni ndicho chimatchula dzina la atomu. Ya pulotoni imodzi ndi hayidirojeni. Ya mapulotoni 6 ndi kaboni, amene ndi khala lija komanso malasha a ku Mchenga ku Rumphi. Ya 7 ndi nayitirojeni, ya 8 ndi okosijeni, ya 26 ndi ayironi, ndipo ya 92 ndi yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga. Mtundu uliwonse wa atomu umatchedwa elementi, ndipo odziwika lero alipo 118. Ana athu a ku sekondale ali ndi tchati cha maelementi onsewa m'mabuku awo, chimene anayamba kuchikonza ndi Dmitri Mendeleev wa ku Russia mu 1869.

Moto wa pa mbaula susintha chiwerengero cha mapulotoni. Kuphika sikusintha, mizu ya chimanga siisintha, m'mimba mwathu namonso sizisintha. Zonsezi zimangomasula maatomu n'kuwalumikiza mwa njira ina. Thupi lathu limatha kusandutsa nsima kukhala mafuta ndi mphamvu, koma silingapange ngakhale atomu imodzi ya ayironi. Ayironi yense amene ali m'magazi mwathu analowa kudzera pakamwa, kapena tinamulandira kwa amayi athu tisanabadwe.

*Tikambirane: thumba la makala likapsa lonse, pamatsala phulusa lochepa. Ngati maatomu satha, kaboni uja wapita kuti?*

Tinapangidwa ndi chiyani?

Mwa maelementi 118 aja, thupi la munthu limafuna opitirira pang'ono 20. Anayi okha ndiwo amatenga magawo 96 pa 100 alionse a kulemera kwathu. Munthu wolemera makilogalamu 60 ali ndi okosijeni wa makilogalamu pafupifupi 39, kaboni 11, hayidirojeni 6 ndi nayitirojeni pafupifupi 2. Okosijeni ndi hayidirojeni achuluka chonchi chifukwa thupi lathu ndi madzi kuposa theka, ndipo madzi ndi maatomu awiri a hayidirojeni ogwirana ndi atomu imodzi ya okosijeni. Pambuyo pa anayiwa pamabwera kashiyamu, pafupifupi kilogalamu imodzi, yemwe pamodzi ndi fosiforasi amamanga mafupa ndi mano. N'chifukwa chake usipa wa ku Nkhata Bay, umene timadya ndi minga yomwe, uli chakudya chabwino kwa ana.

Kodi maatomu amagwirana bwanji? Ntchitoyi ndi ya maelekitironi. Iwo amakhala m'mizere yozungulira phata, ndipo a mumzere wakunja ndiwo amakumana ndi maatomu ena. Sodiyamu ali ndi elekitironi imodzi yokha kunja, ndipo amaitaya mosavuta. Kolorini ali ndi 7 ndipo amasowa imodzi kuti mzere wake udzaze. Sodiyamu akapereka, kolorini n'kulandira, awiriwa amakokana n'kukhala mchere wathu wa m'ndiwo. Payekha sodiyamu ndi chitsulo chofewa chimene chimalusa chikakhudza madzi, ndipo kolorini ndi mpweya wakupha. Mendeleev anaika maelementi a khalidwe lofanana mumzere umodzi wotsika pa tchati chake, ndipo pambuyo pake anthu anazindikira chifukwa chake amafanana: ali ndi maelekitironi akunja ofanana chiwerengero. Mfundo imeneyi tiisunge, tiifuna posachedwa.

Alimi amene tili nawo pano amamudziwa kale nayitirojeni, ngakhale mwina osati ndi dzinali. Thumba la yureya limalembedwa 46% N, kutanthauza kuti mu makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. Chimanga chikamusowa masamba amachita chikasu. Zomvetsa chisoni n'zakuti mpweya umene uli pamwamba pa munda womwewo ndi nayitirojeni magawo 78 pa 100, koma maatomu ake amagwirana awiriawiri molimba kwambiri moti chimanga sichingawamasule. Amene amatha ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'timatuza ta m'mizu ya soya, mtedza, nyemba ndi nandolo. Makolo athu pobzala nyemba m'chimanga ankadziwa kuti munda ukupindula.

Seleniyamu wa ku Zombwe ndi wa ku Mikalango

Tsopano tifike pa maelementi amene thupi limafuna pang'ono kwambiri. Ayironi yense wa m'thupi la munthu wamkulu ndi magalamu atatu kapena anayi, ngati msomali waung'ono, koma ndiye amanyamula okosijeni m'magazi, ndipo akachepa mayi woyembekezera amauzidwa ku sikelo kuti magazi achepa. Ena amafunika pang'ono kuposa pamenepa, moti amayezedwa m'mamaikulogalamu. Galamu imodzi ikagawidwa magawo 1,000,000, gawo limodzi ndiyo maikulogalamu.

Mmodzi wa iwo ndi seleniyamu, atomu ya mapulotoni 34, amene anatulukiridwa ku Sweden mu 1817. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu pafupifupi 55 patsiku, ndipo pa zaka 70 zonse sizikwana ngakhale magalamu awiri. Koma popanda iye chitetezo cha thupi chimafooka, ndipo chiwalo cha pakhosi chimene chikatupa timati chithokomiro sichigwira bwino ntchito.

Nkhani ya seleniyamu ndi yathu ndithu. Dr. Allan Chilimba, katswiri wa za nthaka wa mu Unduna wa Zamalimidwe amene anagwirapo ntchito ku Lunyangwa Research Station kuno ku Mzuzu, pamodzi ndi anzake a ku University of Nottingham ndi British Geological Survey, anayeza nthaka ndi chimanga cha m'madera osiyanasiyana a dziko lino. Zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Anapeza kuti chimanga cha m'madera ambiri chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri, kupatula cha ku dothi lakuda la makande la ku Chigwa cha Shire, chimene chinali ndi wochuluka kangapo. Kenako anafuna kudziwa ngati kusiyana kwa m'mundaku kumafika m'thupi la munthu. Anasankha madera awiri: Zombwe m'boma la Mzimba, kufupi ndi Ekwendeni, ndi Mikalango m'boma la Chikwawa. Anayeza chakudya ndi magazi a amayi a m'madera awiriwa, ndipo mu 2013 anafalitsa zimene anapeza. Seleniyamu wa m'magazi a amayi a ku Zombwe anali pafupifupi theka la wa amayi a ku Mikalango. Powerengera zakudya za dziko lonse, anati Amalawi oposa 80 pa 100 alionse ali pa chiopsezo chosapeza seleniyamu wokwanira.

Zombwe si kutali. Mbali ina ya chimanga ndi nyemba zimene timagula m'misika ya mu Mzuzu imachokera ku minda ya nthaka yonga yomweyo.

Chimachitika n'chiyani m'nthakamo? Dothi lathu la katondo ndi lofiira chifukwa muli ayironi wogwirana ndi okosijeni, chimodzimodzi dzimbiri la pa malata. Dothili lilinso ndi asidi. M'nthaka yotere seleniyamu amamatirira pa dzimbirilo ndipo sasungunuka m'madzi, choncho mizu imalephera kumukoka. M'makande mulibe asidi wotere, seleniyamu amasungunuka, ndipo mizu imamumwa pamodzi ndi madzi. Tione bwino apa: vuto lalikulu si lakuti seleniyamu mulibiretu m'nthaka yathu, koma kuti ndi womangika.

Nanga chimanga chimamutengeranji? Chimanga sichimufuna seleniyamu kuti chikule. Chimafuna salufa, amene pa thumba la feteleza wokulitsa amalembedwa ndi chilembo S. Pa tchati cha Mendeleev seleniyamu ali pansi penipeni pa salufa. Wina ali ndi mapulotoni 16, wina 34, koma onse awiri ali ndi maelekitironi 6 mumzere wakunja. Khomo limene mizu imalowetsera salufa silisiyanitsa bwino awiriwa, ndiye seleniyamu amalowa ngati mlendo wofanana nkhope ndi mwini nyumba. Ife timamupeza kudzera m'kusokonezeka kwa mizuko.

Apa ndi pamene pagona kuopsa kwake. Munda wosowa nayitirojeni umadziulula ndi masamba achikasu. Munda wosowa seleniyamu umabiriwira bwino, zitsononkho zimakula, nkhokwe imadzaza, ufa umayera, nsima imakoma. Palibe diso la mlimi kapena lilime la wophika limene lingazindikire. Banja limadya n'kukhuta, koma thupi likusowabe kanthu. Azaumoyo amaitcha njala yobisika.

*Tikambirane: tikamati mwana "wadya bwino", kawirikawiri timatanthauza chiyani? Kodi kukhuta ndi kudya bwino n'chimodzi?*

Njira yothetsera vutoli ilipo, ndipo inayesedwa kale. Dziko la Finland, limene nthaka yake ilinso ndi vuto lomweli, linayamba kuthira seleniyamu pang'ono mu feteleza mu 1984, ndipo seleniyamu wa m'magazi a anthu ake anakwera. Kuno kwathu, mu 2019, ofufuza analima chimanga ku Bunda pogwiritsa ntchito feteleza wokhala ndi seleniyamu, n'kugawa ufa wake kwa mabanja a m'dera la Mfumu Wimbe ku Kasungu. Patapita milungu ingapo, seleniyamu wa m'magazi a amayi ndi ana amene ankadya ufawo anakwera poyerekeza ndi amene ankadya ufa wamba. Ife tikuona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kufunsidwa kwa alangizi a zaulimi ndi kwa amene amasankha feteleza wolowa m'dziko muno, chifukwa mlimi payekha sangathire seleniyamu m'munda mwake.

Pakhomo pathu chimene tingathe ndi kusadalira nsima ndi masamba a m'munda umodzi tsiku ndi tsiku. Nsomba za m'nyanja, mazira ndi nyama zili ndi seleniyamu wochuluka kuposa chimanga, ndipo kamulu ka usipa kangapo pamlungu sikachabe. Koma pasapezeke wina wothamangira kukagula mapiritsi a seleniyamu popanda uphungu wa kuchipatala. Akachuluka m'thupi ndi poizoni: tsitsi limathothoka, zikhadabo zimaphwanyika.

Mchere umene tili nawo kale

Dziko lathu linachitapo kale zofanana ndi zimenezi pa elementi ina. Ayodini, wa mapulotoni 53, amachuluka m'nyanja zamchere ndipo amasowa m'madera amapiri akutali ndi nyanjazo, monga kwathu kuno. Achikulire pakati pathu akukumbukira mmene chithokomiro chinalili chofala m'midzi. Choopsa kuposa khosi lotupa n'chakuti mayi woyembekezera akasowa ayodini, ubongo wa mwana sukula bwino, ndipo zimenezi sizikonzeka mwana akabadwa. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 patsiku, zimene pa moyo wonse sizidzaza supuni ya tiyi. Popeza aliyense amadya mchere, wolemera ndi wosauka yemwe, boma linakhazikitsa lamulo mu 1995 loti mchere wogulitsidwa m'dziko muno ukhale wothira ayodini. Ayodiniyu amachepa mchere ukakhala pa chinyezi ndi padzuwa nthawi yaitali, choncho tiziusunga m'chitini kapena m'botolo lotseka, kutali ndi moto.

Tikamadzakumananso mlungu wamawa, aliyense abwere ndi pepala la mchere umene akugwiritsa ntchito kunyumba, ndipo amene ali ndi thumba la feteleza lakutha abwere nalo. Tidzawerengera limodzi zilembo ndi manambala olembedwapo, monga N, P, K, S ndi Zn, n'kupeza malo a chilichonse pa tchati cha maelementi. Tipemphe mmodzi wa achinyamata athu a ku sekondale atibwerekeko buku lake.