Nkhwangwa Yowotcherera

Bambo wina anali ndi nkhwangwa imene inali ya malume ake, yosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, ndipo inali itatha mipini yambiri. Tsiku lina bamboyu akudula chitsa, inaphonya n'kumenya mwala. Kukamwa kwake kunatuluka kamng'alu kosaoneka bwino, kolowera m'kati kutalika kwa chala.

Anapita nayo kwa wosula. Mkuluyo anaigulula pampini, n'kuigogoda ndi nyundo.

"Mwamva, bambo? Nkhwangwa yabwino imalira ngwee. Iyi ikungoti gu. Mng'aluwu wapita patali kuposa pamene maso akuonera. Isiyeni, ndidule mbali yong'alukayo, ndiisulenso. Ichepa, koma ikhalitsa."

"Agogo, mukufuna masiku angati?"

"Awiri."

Bamboyu anaona kuchedwa, komanso sankafuna kuti nkhwangwa ya malume ichepe. Anapalasa njinga kupita pamsika, kumene mnyamata wowotcherera mageti ndi mawindo anaimata nthawi yomweyo, n'kuisalaza ndi gulayinda. Inawala, mng'alu osaonekanso.

Mnyamatayo ntchito yake amaidziwa, kungoti chitsulo cha geti n'chofewa ndipo chimalola moto wotere. Cha sipuling'i chili ndi kaboni wambiri. Ukachiwotcherera chili chozizira, malo ochepa amasungunuka, ndiye chitsulo chozungulira chimayamwa kutenthako msangamsanga. Mzere wa m'mbali mwa chomatacho umauma gwa, n'kukhala wosachedwa kuthetheka ngati galasi. Kawirikawiri chomatacho chimangophimba pamwamba, mng'alu uli phee pansi. Wosula satero. Amafiiritsa chitsulo pamakala ndi mvukuto, kuchiviika m'mafuta, kenako n'kuchitenthetsanso pang'ono kuti chilimbe koma chisaume mopitirira. Gawo lomalizali ndi limene anthu opupuluma amalidumpha.

Kwa masabata angapo nkhwangwa inadula bwino nkhuni zofewa, mwiniwake akuseka wosula kuti ndi wachikale. Kenako anakaiyesa pa tsanya wouma, mtengo umene ngakhale chiswe chimaulephera. Anamenya kamodzi, kawiri, kachitatu kunamveka thee! Chibanthu chinauluka n'kukalowa pamsongolo wa mwana wake amene ankatola nkhuni chapafupi. Anathamangira naye kuchipatala panjinga yomwe ija, ndipo mwanayo anasokedwa. Chikanakwera pang'ono, bwenzi tikunena za diso.

Wosula ataonetsedwa zidutswazo anazitembenuza, n'kuloza ndi chikhadabo. Chomata cha mnyamata uja chinali chikadagwira bwinobwino. Chitsulo chinathyokera m'mbali mwake, motsatira mzere wonse umene moto unadutsa.