Nyanja ikabweza munthu, timamudziwa bwanji?

Wowulutsa: Mwera ukayamba cha mu Meyi, makalata amene timalandira kuchokera m'mbali mwa nyanja, ku Chipoka, Senga Bay, Lifuwu ndi madooko onse a boma la Salima, amasintha, amakhala a maliro. Lero tili ndi adokotala amene amagwira ntchito yopima matupi a anthu omwalira mothandizana ndi apolisi. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay. Akuti: "Achimwene anga anamira pamodzi ndi anzawo awiri akupha usipa usiku. Patapita masiku anayi thupi limodzi linapezeka pagombe. Tinaika maliro chifukwa linavala jekete yawo, koma nkhope sindinaizindikire. Mpaka lero mtima sukhazikika. Kodi tinaika munthu wathu?"

Adokotala: Pepani kwambiri mayi, mwakumana ndi zowawa. Choyamba, musadziimbe mlandu chifukwa simunazindikire nkhope. Munthu akamira, thupi limapita pansi. Likayamba kuwola, m'mimba ndi m'minofu mumadzaza mpweya, ndipo ndi mpweya umenewu umene umaliyandamitsa. M'madzi ofunda ngati a nyanja yathu izi zimachitika m'masiku ochepa chabe. Pofika nthawiyo nkhope imakhala itatupa, khungu litasintha mtundu ndi kuyamba kusupuka, nsomba ndi nkhanu zitadya milomo ndi zikope. Ngakhale mayi womubereka akhoza kulephera kumudziwa. Choopsa kwambiri n'chakuti akhozanso kuvomera munthu wolakwika, poti maso odzaza misozi amaona chimene mtima ukufuna.

Za jekete, ndikuuzeni zoona. Inu mukudziwa mmene asodzi amabwerekanirana zovala usiku wozizira pa nyanja, ndipo anamira anali atatu. Chovala chimatilozera kofunsa, koma pachokha sichitseka nkhani. Bungwe la apolisi a dziko lonse lapansi la Interpol limati njira zodalirika kotheratu ndi zitatu: zidindo za zala, mano ndi DNA. Zina zonse, monga zovala, mphete, mikanda kapena chithumwa, ndi zothandizira. Pakati pa zothandizirazi, zolimba ndi zimene zili pa thupi penipeni: mphini, chipsera cha opaleshoni, chala chimene chinadulidwa ndi chingwe cha ukonde, mpata wa mano akutsogolo, mwendo umene unathyokapo. Pitani kwa amene anagwira thupi tsiku limenelo, adzukulu ndi achipatala, muwafunse zimene anaona. Kukayika kukapitirira, kauzeni apolisi. Kufukula manda kumafuna chilolezo cha khoti, musachite nokha, koma mano ndi mafupa zimasunga umboni kwa zaka zambiri. Simunachedwe.

Wowulutsa: Bambo wina, msodzi wa ku Chipoka, akufunsa mwachidule: "Tinadinda zala polembetsa chiphaso cha unzika. Kodi zimenezo zingathandize munthu akamira, poti madzi amawononga khungu?"

Adokotala: Funso labwino, bambo. Mizere ya m'nsonga za zala imapangika mwana akadali m'mimba, ndipo siisintha mpaka imfa. Ngakhale mapasa ofanana ndendende, amene DNA yawo ndi imodzi, zidindo zawo zimasiyana. Njira imeneyi ndi yakale: mu 1892 ku Argentina, apolisi otsatira njira ya Juan Vucetich anagwira mayi wina amene anapha ana ake chifukwa cha chidindo cha chala cha magazi chimene anasiya pakhomo.

Madzi amakwinyitsa khungu, monga manja a munthu amene wachapa tsiku lonse, ndipo pakapita masiku khungu la dzanja limavuka lonse. Koma mizere ija imatsala pakhungu lovukalo. Wopima amatha kulivala pa chala chake, atavala magolovesi, n'kudinda papepala. Choncho mukapeza thupi, musataye khungu la m'manja poyesa kuti ndi nyansi.

Koma mumve bwino apa, chifukwa mpamene pagona ntchito yathu yonse. Kuzindikira munthu ndi kufananitsa zinthu ziwiri: zimene tapeza pathupi, ndi zimene zinasungidwa iye ali moyo. Mu 2017 a National Registration Bureau analemba anthu oposa 9 miliyoni, kuwajambula nkhope ndi kutenga zidindo zawo. Imeneyo ndi nkhokwe yaikulu, ndipo ine ndimalakalaka itamagwiritsidwa ntchito nthawi iliyonse pamene papezeka thupi losadziwika. Koma mwana wosakwana zaka 16 mulibemo, ndipo mlendo mulibemo. Mukumbukire matupi 47 a anthu ochokera ku Ethiopia amene anavuulidwa m'nyanja ku Karonga mu June 2012, ndi matupi 30 amene anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu October 2022. Zala anali nazo, mano anali nawo, koma chofananitsa nacho chinali kwawo kutali. Bambo, ngati mumatenga anyamata m'boti mwanu amene alibe chiphaso, akalembetse.

Wowulutsa: Kalata yachitatu ndi ya aphunzitsi ena a ku Lifuwu. Akuti: "M'mudzi mwathu ng'ona inagwira munthu, ndipo patapita nthawi tinangopeza mafupa. Kodi mafupa angauze kuti ndi ndani? Nanga pa DNA, amayeza m'bale uti?"

Adokotala: Mafupa amanena zambiri, aphunzitsi. Fupa la m'chiuno la mkazi ndi lotambalala chifukwa cha kubereka, la mwamuna ndi lopanikizika. Fupa la ntchafu limatiuza msinkhu. Kwa mwana, mano amatiuza zaka mosaphonya kwambiri, chifukwa amamera motsatana bwino. Kwa wachinyamata timaona ngati nsonga za mafupa zatsekana. Fupa limene linathyokapo limasunga chizindikiro, ndiye kabuku ka kuchipatala ka malemu musakatenthe kapena kukataya. Zimenezi zimachepetsa anthu owaganizira, koma dzina limabwera ndi mano kapena DNA.

Ku Thailand, madzi osefukira a tsunami atapha anthu mu December 2004, alendo ambiri anazindikirika ndi mano, chifukwa madokotala a mano a kwawo anali ndi zolemba ndi zithunzi zawo. Kuno ambiri timakumana ndi dokotala wa mano tsiku lozula dzino basi. Ndiye chithunzi cha pafoni chimene munthu akuseka mano akuoneka n'chamtengo wapatali.

DNA ndi chidindo cha m'magazi ndi m'thupi lonse, ndipo njira yozindikirira munthu nayo anaitulukira Alec Jeffreys ku Leicester mu 1984. Pa mafupa timaitenga m'fupa la ntchafu kapena m'dzino lakumbuyo. Oyenera kuyezedwa koyamba ndi mayi ndi bambo omubereka, kapena ana ake. Palinso mtundu wina wa DNA umene umayenda ndi mayi yekha, ndipo umapirira m'mafupa akale. Umatsata mzere womwe ife Achewa ndi Ayao timautsata pa mbumba: agogo akuchikazi, mayi, alongo ndi abale a bere limodzi, amalume, ana a mlongo. Sulekanitsa abale a mzere umodzi, koma umathandiza kudziwa ngati munthuyu ndi wa mbumba iyi kapena ayi. Kuyeza DNA n'kodula ndipo kumatenga nthawi, n'chifukwa chake timayambira pa zala ndi zizindikiro za pathupi.

Wowulutsa: Yomaliza yachokera kwa anyakwawa ena. Akuti thupi losadziwika likapezeka litawonongeka, anthu amafuna liikidwe pomwepo tsiku lomwelo. Achite bwanji?

Adokotala: Amfumu, ndikumvetsa. Fungo limavuta, ndipo mwambo ndi chipembedzo zimafuna kuti munthu agone msanga. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatisonyeza ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mmene zimawawira banja likasowa manda olozapo. Kuika msanga n'kotheka popanda kufafaniza dzina la munthu. Itanani apolisi ndi achipatala thupi lisanasunthidwe. Lijambulidwe lonse, nkhope, mano, manja ndi zipsera. Zovala ndi za m'matumba zisakwiriridwe, ziumitsidwe n'kusungidwa kupolisi. Pemphani kuti atenge zidindo, ndi dzino kapena kachidutswa ka fupa. Manda akhale a munthu mmodzi, kumtunda kumene madzi safika, ndipo aikidwe chizindikiro ndi kulembedwa m'kaundula wanu ndi tsiku lake.

Kwa inu a makomiti a m'madooko, sungani kope lolemba mayina a onse okwera boti lililonse lisananyamuke, kwawo, ndi nambala ya m'bale. Anyamata ambiri pa dooko timawadziwa ndi mayina osereula okha. Yambani kulemba madzulo ano.