Holo ya maukwati ndi misonkhano ku Machinga ndi Balaka: poyambira ndi pa kalendala

Anthu ambiri ofuna kutsegula malo ochitira maukwati ndi misonkhano amayamba ndi kuunjika mchenga ndi njerwa. Amaona holo ya mnzawo itadzaza Loweruka, magalimoto atandanda panja, ndalama zikuuluka pa perekaniperekani, n'kumati chuma chili apa. Amaiwala kuti ndalama zikuulukazo n'za akwati, ndipo holo yomweyo imakhala yotseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu pamene malipiro a mlonda akuwerengeka. Pa bizinesi iyi katundu wanu ndi tsiku. Likadutsa popanda wobwereka, lapita basi.

Choncho ntchito yoyamba ndi ya pepala ndi cholembera. Chaka chili ndi masiku a Loweruka 52. Chotsanipo a Januwale, Febuluwale ndi Malichi, pamene anthu ali kumunda, chimanga chatha m'nyumba ndipo kangachepe kamene kalipo kapita ku feteleza ndi fizi. Akatolika, amene ndi ochuluka ku Balaka, sakonda kumangitsa ukwati m'nyengo ya Lenti. Asilamu, amene ndi ochuluka m'madera ambiri a Machinga, sachita zisangalalo zamasana m'mwezi wa Ramazani, ndipo mweziwu umabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kotero muziuyang'ana chaka ndi chaka. Nyengo yanu yeniyeni imayamba anthu akakolola n'kugulitsa thonje, nandolo ndi mpunga, ndipo imafika pachimake mu Disembala a ku Joni akabwera kumudzi. Pa masiku otsalawo musadziwerengere onse. Tengani theka, muchulukitse ndi mtengo umene anthu akulipiradi m'dera lanulo, osati wa ku Blantyre. Kenako ikani pambali pake malipiro a mlonda ndi wosesa, mabilu a magetsi ndi madzi, ziphaso, zokonzakonza ndi ngongole ngati mwatenga. Banki imafuna ndalama yake mu Febuluwale ngati mmene imaifunira mu Okutobala. Masamuwa akakana papepala, adzakananso holo itamangidwa.

Masamu akalola, sankhani amene mukufuna kuwatumikira, chifukwa ndiwo adzakuuzeni pomanga. Liwonde ili pamsewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Mangochi, m'mbali mwa Shire, pafupi ndi nkhalango ya zinyama ya Liwonde. Mabungwe ndi maofesi a boma amakonda kuchitirako misonkhano, koma kumeneko mukapeza malo okhazikika kale monga Hippo View Lodge, okhala ndi zipinda zogona ndi khitchini. Balaka ili pamsewu wa M8 wokakumana ndi M1 pa Chingeni, ndipo ndi kwawo kwa Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda, tauni yozolowera zoimbaimba. Ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe kapena Phalula mitengo ndi yotsika, komanso malo abwino ndi osowa. Kulikonseko dziwani kuti wopikisana nanu weniweni ndi holo ya tchalitchi, holo ya sukulu ya sekondale, ndi tenti yokhomedwa pabwalo la pakhomo. Banja lisanakulipireni lidzafunsa chimene muli nacho chimene kumeneko kulibe.

Malo amene mwaloza mukawaone mu Febuluwale mvula ili mkati. Dothi looneka louma bwino mu Seputembala m'zigwa za Shire likhoza kukhala dambo, ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa zambiri. Onetsetsani kuti wa kabaza ndi wa minibasi afikapo osavutika, komanso kuti pali poimika magalimoto mkati mwa mpanda. Yezaninso mtunda wa pakati pa inu ndi mzikiti, tchalitchi, chipatala ndi nyumba za anthu. Masipika sadziwa malire a puloti.

Za mapepala

Kalata ya kwa mfumu ndi mboni ziwiri sizikwanira pa malo amene mudzathirepo mamiliyoni. Malamulo a malo a 2016 anatsegula njira yolembetsa malo a makolo, ndiye pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo mukamve ndondomeko yopezera lizi musanakumbe maziko. Pulani ya nyumba ivomerezedwe kukhonsolo komweko. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani TPIN ku MRA, ndi chiphaso cha malonda ku khonsolo. Ngati mukufuna misonkhano ya boma, mufunikanso kulembetsa ku PPDA. Nyimbo zoseweredwa pagulu zili ndi eni ake: bungwe la COSOMA limapereka chiphaso cha zimenezi motsatira lamulo la umwini wa ntchito za aluso la 2016, ndipo ndi bwino inu muwapeze asanakupezeni iwo pakati pa phwando la mwini. Mowa uli ndi chiphaso chakechake. Musanachitenge ganizani kawiri, pakuti ku Ntaja kapena ku Nselema bala pamalopo ikhoza kukuthamangitsirani mabanja ambiri kuposa amene ingakubweretsereni.

Chiyambe n'chiyani pomanga

Langizo langa ndi lakuti makoma a holo akhale omalizira. Yambani ndi mpanda, zimbudzi, madzi, mthunzi ndi magetsi. Bwalo losesedwa bwino, la mitengo ya mthunzi, shedi ya malata yaitali ndi matenti awiri, likhoza kuyamba kulandira zinkhoswe ndi maukwati chaka choyamba chomwecho, n'kumadzimangira lokha pang'onopang'ono. Bzalani mitengo tsiku limene mwalandira malowo.

Kutentha kwa Balaka ndi Liwonde mu Okutobala ndi Novembala, imene ndi miyezi ya maukwati, kumagonjetsa holo ya denga lotsika ndi mawindo ang'onoang'ono. Pofika 2 koloko masana anthu amatuluka kukakhala pansi pa mitengo, wa maikolofoni n'kumaitana mipando yopanda anthu, perekaniperekani n'kuzizira. Banja limenelo silidzakuyamikirani kwa wina aliyense. Kwezani denga, siyani mipata ya mpweya pamwamba pa makoma mbali zonse, ikani siling'i ndi mafani ngati thumba likulola. Zitseko zikhale zingapo, zotsegukira kunja, zosakhomedwa anthu ali mkati, ndipo chozimira moto chikhale poonekera.

Zimbudzi musaziyese nkhani yaing'ono. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unayambira m'boma la Machinga lomweli. Anthu 300 akadya ndi kumwa tsiku lonse, zimbudzi ziwiri sizingakwane. Za amayi zikhale zochulukirapo, zotalikirana ndi za abambo, ndipo pakhale munthu wozisamala mwambo uli mkati, osati m'mawa mokha. Mpopi wa Southern Region Water Board usakhale chiyembekezo chanu chokha, ikani thanki yosunga madzi a tsiku lonse. Mukafuna kukumba mjigo, yambani mwalawa madzi a mijigo yoyandikana nayo, poti m'madera ena a Balaka ndi amchere. Konzaninso pamalo posambira m'manja ndi m'mapazi ndi kachipinda koyera kopempherera. Ndalama yake ndi yochepa, koma Msilamu wodzaona malo amaziona msanga.

Magetsi a ESCOM amazima osatsanzika. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linakhala miyezi yambiri likugawana magetsi. Jenereta yokwanira masipika, mafani ndi mababu ikhalepo, iyesedwe Lachisanu, ndipo mafuta ake agulidwe sabata isanathe, chifukwa mizere ya pa filing'i siteshoni taiona tonse.

Buku la masiku ndi pangano

Apa ndi pamene mbiri ya malo imamangidwa kapena kugwa. Buku lolembamo masiku likhale limodzi, wolembamo akhale mmodzi. Mukalola kuti inu mulandire foni, akunyumba alandire ina, mnyamata wa pageti alonjezenso wina, tsiku lina makomiti awiri adzakumana pakhomo panu aliyense atanyamula zokongoletsera zake. M'tauni yaing'ono nkhani yotere imafika pamsika dzuwa lisanalowe, ndipo imakhala zaka.

Tsiku lisalembedwe popanda dipoziti. Mawu akuti "tisungireni, tibwera Lolemba" ayankhidwe mwaulemu kuti tsiku ndi la amene wayamba kulipira. Ambiri obwereka ali ku Johannesburg kapena ku Durban, amalankhula nanu pa WhatsApp n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kudzera kwa m'bale. Atumizireni chithunzi cha risiti nthawi yomweyo, ndipo akuuzeni munthu mmodzi kuno kumudzi amene mawu ake ndiwo omaliza, kaya ndi tcheyamani wa komiti kaya ankhoswe. Apo ayi mudzalandira malamulo kuchokera kwa amalume, azakhali ndi alamu, onse osiyana.

Pangano lilembedwe m'Chichewa chomveka, tsamba limodzi, onse awiri musayine. Linene tsiku, ola lolowa okongoletsa, ola lotseka nyimbo, chiwerengero cha mipando ndi matebulo, wogula mafuta a jenereta, tsiku lomalizira kulipira, ndi chimene chidzachitike chinthu chikasweka. Ndalama yonse ithe mwambo usanachitike. Amene akuti adzamaliza ndi za perekaniperekani akukusandutsani wokhometsa ngongole pa tsiku la chimwemwe chawo. Mipando muiwerengere limodzi ndi wa komiti polowa ndi potuluka, ndipo ilembedwe dzina la malo anu kumsana.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri salemba. China ndi maliro. Kwathu kuno zovuta zikagwa m'banja ukwati umaima, ndipo kumana ofedwa dipoziti yawo ndi nkhanza, pamene kubweza yonse ndi kuluza tsiku. Njira yabwino ndi kulemberatu kuti pa zovuta tsiku limasunthidwa kwaulere kupita pa lina limene lili lopanda munthu. China ndi kugwa kwa kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene analandira malipiro a chaka chotsatira pa mtengo wakale anagwira ntchito yaulere. Musalonjeze mtengo wa tsiku lakutali kwambiri popanda mawu olola kuuonanso, ndipo mawuwo muwanene pamaso, asadzawapeze okha papepala.

Ngati mudzaphika, nyama igulidwe kwa wozinga wodziwika kuti ndi wa halaal, ndipo nkhumba isayandikire miphika yanu. Ngati mabanja adzaphika okha, apatseni khitchini ya panja ya mthunzi, madzi pafupi, ndi potaya zinyalala.

Masiku a pakati pa sabata ndiwo amalipira mlonda. Yendani nokha m'maofesi a mabungwe, kwa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, kumipingo yopanda nyumba zawo, kumasukulu a mkaka ofuna pochitira mwambo wotsanzikana, mutanyamula kotesheni yolembedwa bwino. Dziwani kuti maofesi ambiri amalipira patapita masabata, mwinanso miyezi, atadulapo msonkho, choncho musalandire ntchito yawo yaikulu ndi ndalama yobwereka kwa akatapila. Zipani za ndale zibwereke pa mtengo umodzi, zilipiriretu, ndipo mbendera zawo zichoke tsiku lomwelo.

Achibale adzabwera, ndipo ena adzayembekezera kuti holo ndi ya kwawo. Gwirizanani m'banja mwanu malo asanatsegulidwe kuti m'bale amachotseredwa zingati, ndipo Loweruka la m'nyengo ya maukwati lisaperekedwe ulere kwa wina aliyense. Ndalama za bizinesi zikhale ku akaunti yakeyake. Mu 2020 boma litachepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana chifukwa cha Covid-19, eni malo anafunsidwa kubweza madipoziti amene ena anali atagulira kale simenti. Dipoziti si yanu kufikira mwambo utatha ndipo alendo atapita. Isungeni osaikhudza, pamodzi ndi ndalama yokwanira kulipira antchito anu m'miyezi itatu ya mvula.